MARIE CURIE, MAYI WA SAYANSI

Kale anthu ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti ntchito zina n'za amuna okhaokha. Mnyamata wanzeru ankamutumiza ku yunivesite kuti akakhale dokotala kapena mphunzitsi wamkulu. Mtsikana wanzeru zonga zomwezo ankamuuza kuti maphunziro ochepa amukwanira, ndipo adikire banja. Nkhani ino ndi ya mtsikana wina amene adabadwa m'nthaŵi yotereyi, koma adakula n'kukhala mmodzi mwa akatswiri a sayansi odziŵika pa dziko lonse lapansi. Dzina lake ndi Marie Curie.

Ubwana wake

Marie adabadwa pa 7 Novembala 1867 mumzinda wa Warsaw m'dziko la Poland. Dzina lake la kwawo lidali Maria Skłodowska. Iye adali mzime m'banja la ana asanu, atsikana anayi ndi mnyamata mmodzi. Bambo ake adali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, ndipo mayi ake adali mkulu wa sukulu ya atsikana.

Masiku amenewo mzinda wa Warsaw unkalamulidwa ndi mfumu ya ku Russia. Ana a sukulu ankakakamizidwa kuphunzira m'Chirasha, ndipo kuphunzitsa mbiri ya dziko la Poland kudali koletsedwa. Boma litaletsa kuyesa zinthu za sayansi m'sukulu, bambo a Maria adatenga zida zawo zoyesera n'kukazisunga kunyumba. Kumeneko n'kumene Maria adayamba kuziona ndi kufunsa ntchito yake.

Banjali lidakumana ndi mavuto ambiri. Bambo adawachotsa pa udindo wawo chifukwa chokonda dziko lawo, motero ndalama zidayamba kusoŵa. M'chaka cha 1876 mkulu wake wa Maria, dzina lake Zofia, adamwalira ndi matenda a typhus amene amafalitsidwa ndi nsabwe. Mu 1878 mayi ake nawonso adamwalira ndi chifuwa chachikulu. Apa n'kuti Maria ali ndi zaka 10.

Ngakhale zidali choncho, Maria sadafooke pa sukulu. Mu 1883 adamaliza maphunziro a sekondale ali ndi zaka 15, ndipo adalandira mendulo yagolide chifukwa chokhoza bwino. Mlongo wake Józef adaloŵa yunivesite ya Warsaw kukaphunzira udokotala. Maria ndi akulu ake sadaloledwe, popeza yunivesiteyo sinkalandira akazi. Onsewo adali ana a nyumba imodzi ndiponso anzeru, koma chitseko chidatsegukira mnyamata yekha.

Mumzindamo mudali sukulu yamseri imene inkaphunzitsa atsikana maphunziro apamwamba. Ophunzira ankakumana m'nyumba za anthu, lero muno, maŵa mwina, kuti apolisi asawapeze. Chifukwa cha kusamukasamukako anthu adaitcha Yunivesite Youluka. Maria ankapita kumeneko, koma sukuluyo sikadatha kumupatsa digiri.

Pangano la atsikana aŵiri

Maria ndi mkulu wake Bronia adamva kuti yunivesite ya ku Paris m'dziko la France inkalandira akazi. Onse aŵiri ankafuna kupita, koma ndalama zidali zosakwanira ngakhale munthu mmodzi. Tsono adapangana kuti Bronia atsogole kukaphunzira udokotala, ndipo Maria atsale akugwira ntchito n'kumamutumizira ndalama. Bronia akadzamaliza, nayenso adzathandize mng'ono wake.

Mu 1886 Maria adapita kumudzi wa Szczuki kukaphunzitsa ana a banja lina lolemera. Adakhala kumeneko zaka zoposa zitatu, kutali ndi abale ake. Akaŵeruka ankasonkhanitsa ana a alimi osauka n'kumawaphunzitsa kuŵerenga Chipolishi popanda malipiro, ngakhale kuti akadagwidwa akadalangidwa koopsa. Usiku ankaŵerenga yekha mabuku a masamu ndi sayansi.

Bronia adasunga pangano. Patapita zaka adaitana mng'ono wake. Mu 1891 Maria adakwera sitima yapamtunda kupita ku Paris ali ndi zaka pafupifupi 24. Zaka zisanu ndi zitatu zidali zitapita chimalizire sekondale.

Wophunzira wosauka ku Paris

Polembetsa pa yunivesite ya Sorbonne adalemba dzina lake m'Chifalansa kuti Marie. Mwa ophunzira sayansi oposa 1,800, akazi adalipo 23 okha. Marie adapeza kuti anzake adali patsogolo pa masamu, ndiponso kuti aphunzitsi ankalankhula Chifalansa mofulumira. Adayenera kulimbikira kuposa onse.

Iye ankakhala m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, chifukwa n'komwe kudali kotsika mtengo. M'nyengo yozizira madzi ankaundana m'beseni, ndipo pogona ankavala zovala zake zonse. Masiku ambiri chakudya chake chidali buledi ndi tiyi basi, mwakuti nthaŵi ina adakomoka ndi njala. Koma mu 1893 adapambana mayeso a digiri ya fizikisi, n'kukhala woyamba m'kalasi monse. Mu 1894 adalandira digiri ina ya masamu, ndipo apa adali wachiŵiri.

Chaka chomwecho adakumana ndi katswiri wa sayansi wa ku France, dzina lake Pierre Curie. Aŵiriwa adakwatirana pa 26 Julaye 1895. Marie sadafune diresi loyera la tsiku limodzi. Adasankha diresi labuluu loderako kuti azidzavalanso pa ntchito. Ndi ndalama zimene adalandira pa ukwati adagula njinga ziŵiri.

Mwana wawo woyamba, Irène, adabadwa mu 1897. Anthu ambiri ankayembekezera kuti tsopano Marie asiya sayansi kuti azilera mwana, ngakhale kuti palibe amene ankayembekezera zimenezo kwa Pierre. Apongozi ake aamuna, amene adali dokotala wokalamba, adabwera kudzakhala nawo n'kumasamala mdzukulu wawo masana. Motero Marie adapitiriza ntchito yake.

Cheza chosaoneka ndi maso

Mu 1896 katswiri wina, Henri Becquerel, adatulukira kuti miyala yokhala ndi yureniyamu imatulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Yureniyamu ndi mtundu wa chitsulo cholemera kwambiri, ndipo amapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga. Akatswiri ambiri sadachite nacho chidwi chezacho, koma Marie adafuna kudziŵa kumene chinkachokera.

Poyesa mphamvu ya chezacho adagwiritsa ntchito chida chimene Pierre ndi mkulu wake Jacques adapanga. Adapeza kuti yureniyamu akachuluka, cheza chinkachulukanso. Mwalawo ukhale wouma kapena wonyowa, wosinja kapena wosasinja, mphamvu yake sinkasintha. Apa Marie adazindikira kuti chezacho chinkachokera m'kati mwa tizigawo ting'onoting'ono ta yureniyamu totchedwa maatomu. Mphamvu imeneyi adaipatsa dzina lakuti radioactivity, ndipo dzinali likugwirabe ntchito mpaka lero.

Kenaka adayesa mwala wakuda wotchedwa pitchblende, umene anthu amachotsamo yureniyamu. Adadabwa kuona kuti mwalawo unkatulutsa cheza champhamvu kuposa yureniyamu weniweniyo. Adabwereza kuyesako kambirimbiri, koma yankho lidali lomwelo. Tsono adaganiza kuti m'mwalamo muyenera kuti mudabisala chinthu china champhamvu chimene munthu aliyense adali asanachidziŵe.

Zinthu zonse za m'dziko zidapangidwa kuchokera ku zinthu zoyambirira zimene akatswiri amazitcha maelementi, monga chitsulo, mkuwa ndi golide. Marie ankakhulupirira kuti wapeza fungo la elementi yatsopano. Pierre ataona kufunika kwa nkhaniyi adasiya kafukufuku wake n'kuyamba kuthandiza mkazi wake. Mu Julaye 1898 adalengeza kuti apeza elementi yatsopano, ndipo Marie adaitcha poloniyamu pokumbukira dziko la kwawo la Poland. Mu Disembala chaka chomwecho adalengeza ina yachiŵiri, imene adaitcha rediyamu.

Zaka zinayi m'chishedi

Akatswiri ena adati sangakhulupirire asanaone rediyamuyo ndi kumuyesa pa sikelo. Koma rediyamu adali wochepa zedi m'mwala muja. Kumupeza kudali ngati kufunafuna kambewu kamodzi ka mpiru m'nkhokwe yodzaza chimanga.

Banjali lidalibe chipinda chabwino choyeseramo zinthu. Lidapatsidwa chishedi chakale cha denga lodontha, chotentha m'chilimwe ndiponso chozizira koopsa m'nyengo yachisanu. Kuchokera ku migodi ya ku Joachimsthal adaitanitsa matani a zotsalira za pitchblende. Marie ankaŵiritsa zotsalirazo m'miphika ikuluikulu, makilogalamu 20 nthaŵi imodzi, akutakasa ndi mthiko wachitsulo wotalika pafupifupi msinkhu wake. Akatero ankasefa, kutsanula ndi kuŵiritsanso. Utsi unkamutsokomoletsa, ndipo pofika madzulo thupi lonse lidali litaphwanya.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1902, patapita zaka zinayi, Marie adapeza mchere wa rediyamu wolemera gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu imodzi. Udali wochepa wosadzaza ngakhale nsonga ya supuni yaing'ono, koma udali umboni wokwanira. Usiku timabotolo ta rediyamu tinkaŵala tokha mumdima wa m'chishedi muja.

Posakhalitsa madokotala adaona kuti cheza cha rediyamu chimatha kupha zotupa za khansa. Marie ndi Pierre akadatha kulemera kwambiri akadabisa njira yopezera rediyamu n'kumaigulitsa. Iwo adasankha kuifotokoza poyera kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere.

Dzina limene lidatsala pang'ono kusiyidwa

Mu Juni 1903 Marie adalandira digiri yapamwamba kwambiri ya sayansi. Mwezi womwewo banjali lidaitanidwa ku London kukafotokoza za rediyamu, koma amene adapatsidwa mwayi wolankhula adali Pierre yekha. Marie adakhala pansi n'kumamvetsera ntchito ya manja ake ikufotokozedwa.

Ku Sweden kumaperekedwa chaka ndi chaka mphotho yaikulu yotchedwa Nobel kwa anthu amene achita zazikulu pa sayansi ndi pa zinthu zina. Mu 1903 akatswiri a ku France adalemba kalata yopempha kuti mphothoyo ipite kwa Becquerel ndi Pierre Curie. Dzina la Marie sadalilembe, ngati kuti iye adali wongothandiza mwamuna wake. Katswiri wa masamu wa ku Sweden, Gösta Mittag-Leffler, adatsina khutu Pierre za nkhaniyi. Pierre adayankha kuti ntchitoyo adaigwira aŵiri, ndipo sikoyenera kulemekeza mmodzi yekha. Motero dzina la Marie lidaikidwapo, ndipo iye adakhala mkazi woyamba kulandira mphotho ya Nobel.

Mwana wawo wachiŵiri, Ève, adabadwa mu 1904. Koma chimwemwe cha banjali sichidakhalitse. Pa 19 Epulo 1906 kukugwa mvula, Pierre adagundidwa ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo podutsa msewu mu Paris, ndipo adafera pomwepo. Marie adatsala wamasiye ali ndi zaka 38, ndi ana aŵiri aang'ono.

Boma lidafuna kumupatsa ndalama za amasiye, koma iye adakana, nati adali ndi mphamvu zogwirira ntchito yodyetsera ana ake. Akuluakulu a yunivesite adaona kuti padalibe wina wodziŵa za rediyamu kuposa iye, choncho adamupatsa malo a mwamuna wake. Pa 5 Novembala 1906 adaima pamaso pa ophunzira a pa Sorbonne. Kwa zaka mazanamazana chiyambire yunivesiteyo, mkazi adali asanaphunzitsepo pamenepo.

Miyeso iŵiri yosiyana

Ku France kuli bungwe la akatswiri a sayansi lotchedwa Académie des Sciences. Pierre adasankhidwa kuloŵa m'bungweli mu 1905. Marie atapempha malo mu Januwale 1911, padabuka mkangano waukulu. Ena ankati mkazi sangakhale m'bungwe la amuna, ena ankati ndi mlendo. Pa chisankho adalephera ndi mavoti ochepa kwambiri, ndipo sadapemphenso.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho nyuzipepala zina zidayamba kumunyoza chifukwa cha ubwenzi wake ndi katswiri mnzake, Paul Langevin, amene adali pabanja. Khamu la anthu lidasonkhana pakhomo pake likufuula kuti mlendoyo abwerere kwawo, mwakuti Marie adathaŵa ndi ana ake kukakhala kwa anzake. Nkhaniyo inkakhudza anthu aŵiri, koma chipongwe chachikulu chidagwera mkazi. Mwamunayo adapitiriza ntchito yake, ndipo mu 1934 adasankhidwa kuloŵa m'bungwe lomwe lija lidakana Marie.

Mkati mwa mavutowo kudabwera uthenga wakuti Marie wapatsidwa mphotho yachiŵiri ya Nobel, tsopano ya kemisitiri. Mmodzi mwa akuluakulu a ku Sweden adamulembera kalata yomulangiza kuti asapite kukalandira. Marie adayankha kuti mphothoyo idaperekedwa chifukwa cha ntchito yake yotulukira rediyamu ndi poloniyamu, ndipo mu Disembala 1911 adapita kukailandira. Mpaka lero iye ndi munthu yekhayo amene adalandira mphotho ya Nobel m'nthambi ziŵiri zosiyana za sayansi.

Pa nkhondo

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, asilikali ambiri ankafa kapena kudulidwa miyendo chifukwa madokotala sankatha kuona pamene chipolopolo chaloŵa. Makina a X-ray, amene amajambula m'kati mwa thupi, adali m'zipatala za m'mizinda, kutali ndi kumene kunkachitikira nkhondo. Marie adaganiza zoika makinawo m'magalimoto kuti apite kumene kudali ovulala.

Adapempha magalimoto kwa anthu olemera mpaka adakonza okwana 20. Adakhazikitsanso makina ena m'zipatala pafupifupi 200. Iye mwini adaphunzira kuyendetsa galimoto ndi kusintha matayala, ntchito imene akazi ochepa ankaidziŵa masiku amenewo. Mwana wake Irène, ali ndi zaka 17, ankamuthandiza. Aŵiriwa adaphunzitsa akazi pafupifupi 150 kugwiritsa ntchito makinawo, ndipo miyoyo ya asilikali ochuluka idapulumuka. Nkhondo itatha mu 1918, dziko la Poland lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo Marie adakondwera kwambiri.

Zaka zotsiriza

Itatha nkhondo, Marie adatsogolera nyumba ya kafukufuku wa rediyamu ku Paris, kumene adalandira ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo atsikana ambiri. Koma rediyamu adali atakwera mtengo kwambiri, mwakuti amene adamutulukirayo sakadatha kumugula. Akazi a ku America atamva zimenezi adasonkherana madola 100,000 n'kugula galamu imodzi. Mu 1921 Marie adapita ku America kukalandira mphatsoyo kuchokera kwa pulezidenti wa dzikolo, Warren Harding. Mu 1932 adatsegula chipatala cha rediyamu kwawo ku Warsaw, ndipo amene adachiyang'anira adali mkulu wake Bronia, yemwe uja adapangana naye ali atsikana.

Pamene Marie ankayamba ntchito yake, palibe amene ankadziŵa kuti cheza chimene chimapha khansa chimawononganso thupi labwino. Kwa zaka zambiri ankagwira timabotolo ta rediyamu ndi manja, ndipo pa nkhondo ankaima pafupi ndi makina a X-ray wopanda chodzitetezera. Zala zake zidapsa, maso adachita ng'ala, ndipo magazi adayamba kuchepa. Adamwalira pa 4 Julaye 1934 ali ndi zaka 66. Mabuku amene ankalembamo akutulutsabe cheza mpaka lero, choncho amasungidwa m'mabokosi okutidwa ndi mtovu. Masiku ano ogwira ntchito ya X-ray amadziteteza ndi zovala kapena zipupa za mtovu, ndipo madokotala amachiza khansa ndi cheza chochokera m'makina oyesedwa bwino m'malo mwa rediyamu.

Mu 1935 Irène ndi mwamuna wake Frédéric Joliot nawonso adalandira mphotho ya Nobel ya kemisitiri. Mu 1962 Marguerite Perey, amene adayamba ntchito ali mtsikana pansi pa Marie, adakhala mkazi woyamba kulandiridwa ndi bungwe lija la akatswiri. Mu 1995 mafupa a Marie ndi a Pierre adasamutsidwira ku Panthéon, nyumba imene dziko la France limaikamo anthu ake olemekezeka. Marie adali mkazi woyamba kuikidwa m'menemo chifukwa cha ntchito zake.

Marie Curie adadikira zaka zisanu ndi zitatu kuti aloŵe yunivesite imene mnyamata akadaloŵa chaka chomwecho. Pa moyo wake padali anthu omutsekera njira, koma padalinso omuthandiza, monga bambo ake, mkulu wake, mwamuna wake ndi apongozi ake. Mtsikana wokonda masamu ndi sayansi ayenera kulimbikira monga adachitira Marie, ndipo makolo, alongo ndi aphunzitsi ake ayenera kumupatsa nthaŵi ndi mpata wofanana ndi wa mnyamata.

Mafunso

1. Kodi Marie Curie adabadwira kuti, ndipo m'chaka chiti?
2. Chifukwa chiyani sadaloŵe yunivesite ya Warsaw pamene mlongo wake adaloŵa?
3. Fotokozani pangano limene Maria ndi Bronia adapangana.
4. N'chiyani chidachititsa Marie kuganiza kuti mu pitchblende mudali elementi yatsopano?
5. Tchulani maelementi aŵiri amene Marie ndi Pierre adatulukira.
6. Perekani zitsanzo zitatu zosonyeza kuti Marie sankamuyesa ndi muyeso umodzi ndi amuna.
7. Kodi Marie adathandiza bwanji asilikali ovulala pa nkhondo?

Ntchito

(a) Lembani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu aŵa: mzime, cheza, kutakasa, kutsina khutu, wamasiye.

(b) Kambiranani m'magulu ntchito zimene anthu a kwanuko amati n'za amuna okha kapena za akazi okha. Kodi pali chifukwa chenicheni choletsa ena kuzigwira?